Samuel Ajayi Crowther, Kapolo Amene Adadzakhala Bishopu

Tsiku lina m'mawa m'chaka cha 1821, amai a m'mudzi wa Osogun ali pakati pokonza chakudya, kudamveka mfuu yakuti nkhondo yafika. Osogun udali mudzi waukulu wa Ayoruba, m'dziko limene lero likutchedwa Nigeria. Udali ndi linga, koma amuna ena sadali pamudzi, ndipo amene adalipo sadakonzekere, kotero kuti patangopita maola ochepa nyumba zidali kuyaka moto, anthu ali balala. Mwa ogwidwa tsiku limenelo mudali mnyamata wa zaka ngati 12, dzina lake Ajayi, pamodzi ndi mai ake ndi alongo ake awiri. Onse adamangidwa zingwe m'khosi. Bambo ake adawaona komaliza tsiku lomwelo atabwera kuchokera kunkhondo kudzawauza kuti athawe, ndipo sadawaonenso.

Nthawi imeneyo ufumu wakale wa Oyo udali kugumuka. Akuluakulu ankhondo adali kupandukira mfumu yawo, ndipo kumpoto nkhondo ya Chisilamu imene Usman dan Fodio adaiyamba m'chaka cha 1804 idali itafalikira mpaka ku Ilorin. Amene adathira nkhondo Osogun adali Asilamu, ena Afulani, ena Ayoruba anzawo, ndipo chimene ankafuna kwenikweni chidali anthu oti akawagulitse kugombe. Mfundo imeneyi njofunika kuisunga, chifukwa mwana amene adaona mudzi wake ukutenthedwa ndi Asilamu ndi yemweyo amene atakula adatchuka chifukwa cha ulemu umene ankalankhula nawo ndi mafumu achisilamu.

Ajayi adalekanitsidwa ndi mai ake, nayamba kupita m'manja osiyanasiyana ngati katundu. Poyamba adamsinthanitsa ndi kavalo, koma mwini wake ataona kuti kavaloyo sadamkomere, malondawo adabwezedwa. Pambuyo pake adagulidwa ndi mai wina wachisilamu, kenaka ena adamsinthanitsa ndi fodya ndi mowa waukali, mpaka adafika ku Lagos m'manja mwa Apwitikizi. Mantha ake pa Azungu adali aakulu kwambiri, mwakuti ali m'njira adayesapo kudzipotola khosi kuti afe asadawaone. Mu Epulo 1822 adamkweza m'chombo pamodzi ndi akapolo ena ambiri, koma chombocho chisanapite patali chidagwidwa ndi zombo zankhondo za Angerezi, amene adali ataletsa malonda a akapolo m'chaka cha 1807 ndipo ankalondera nyanja imeneyo. Mtsogoleri wa chombo chimene chidamtenga adali Henry Leeke. Anawo sadadziwe kuti apulumuka. Ataona mulu wa zipolopolo za mizinga ndi nyama ya nkhumba ili chipachikire, adaganiza kuti imeneyo ndi mitu ndi minofu ya anzawo, ndipo mitima idakhala pansi pokhapokha atayang'anitsitsa ziboda za nkhumbazo.

Mu Juni chaka chomwecho adatsitsidwa ku Freetown, m'dziko la Sierra Leone, kumene Angerezi ankatula akapolo onse olanditsidwa panyanja. Kumeneko kudali anthu a mitundu yambirimbiri, aliyense ndi chilankhulo chake ndi milungu yake, onse alendo. Amishoni a bungwe la Church Missionary Society, kapena kuti CMS, la mpingo wa Angilikani, ndiwo ankawaphunzitsa. Ajayi adali wakuthwa mutu. Patangotha miyezi isanu ndi umodzi adali kuwerenga Chipangano Chatsopano m'Chingerezi, ndiponso adaphunzira ukalipentala. Adabatizidwa pa 11 Disembala 1825, natenga dzina la Samuel Crowther, limene lidali la mbusa wina wa ku London. Adakaphunzirako miyezi ingapo ku Ingalande, ndipo m'chaka cha 1827, pamene sukulu ya ukachenjede ya Fourah Bay inkatsegulidwa, dzina lake ndilo lidali loyamba m'kaundula. Adakhala mphunzitsi, nakwatira Asano, amene adabatizidwa kuti Susan, nayenso kapolo wolanditsidwa panyanja.

Ali mphunzitsi wachinyamata ku Sierra Leone padachitika kanthu kamene sadakaiwale mpaka ukalamba. Mwana wina wachisilamu adabwera kusukulu atavala chithumwa, ndipo Crowther, mwa changu cha munthu wongotembenuka kumene, adachidula. Bambo wa mwanayo adakwiya, ndipo nkhaniyo idafika pa mtsutso ndi akuluakulu achisilamu. Crowther adabwera ndi Baibulo ndi Korani ndi mfundo zake zonse zokonzeratu, koma palibe amene adasunthika. Asilamuwo adangobwereza chikhulupiriro chawo chakuti Mulungu alibe mwana. Mnyamatayo adazindikira kuti kupambana pa mkangano sikutembenuza mtima wa munthu, ndi kuti amene wanyozedwa sakhala ndi khutu lomvera. Aphunzitsi ambiri amafika popuma pantchito asadalizindikire phunziro limeneli.

Moyo wake udasintha m'chaka cha 1841, pamene boma la Britain lidatumiza sitima zitatu kuti zikwere mtsinje wa Niger. Maganizo a Thomas Fowell Buxton ndi anzake adali akuti malonda a akapolo adzatha ngati mafumu apeza malonda ena abwino, monga a thonje ndi mafuta a kanjedza, ndi kuti Chikhristu chiyende limodzi ndi malondawo. Crowther adapita nawo pamodzi ndi mmishoni wachijeremani, J. F. Schön. Ulendowo udatha moipa, pakuti malungo adagwira pafupifupi Mzungu aliyense, ndipo makumi angapo adamwalira. Tsoka limeneli ndilo lidatsegula maso a akuluakulu a CMS ku London kuti ntchito ya m'kati mwa Afirika idzagwiridwa ndi Aafirika eni ake. Adaitanitsa Crowther, ndipo m'chaka cha 1843 Bishopu wa ku London adamdzoza ubusa. Chaka chomwecho adasindikiza buku lake loyamba la mawu a Chiyoruba.

M'chaka cha 1846 iye ndi Henry Townsend adalowa mu Abeokuta, mzinda watsopano umene Aegba othawa nkhondo adamanga pakati pa matanthwe. Atangokhalako masabata owerengeka, mai wina wokalamba adabwera kudzamfuna. Adali Afala, mai ake omubala, amene sadaonane nawo kwa zaka 25. Alongo ake nawonso adapezeka. Mwana wawo adabwereradi, koma ali wansembe wa Mulungu wa alendo. Crowther sadawakakamize kanthu. Patapita chaka ndi miyezi ingapo adabatizidwa, m'chaka cha 1848, natenga dzina la Hannah, monga mai wa Samueli wa m'Baibulo.

Ntchito imene idamsiyira dzina losafafanizika ndi ya chilankhulo. Chiyoruba, monga Chichewa, chimasiyanitsa mawu ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu. Mchewa amadziwa kuti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi koma satchulidwa chimodzimodzi. M'Chiyoruba zimenezi nzochuluka koposa, mwakuti liwu lolembedwa igba lingathe kutanthauza chipanda, kapena nthawi, kapena nambala ya 200, malinga ndi katchulidwe. Crowther adaumirira kuti pamwamba pa malembo paziikidwa zizindikiro zosonyeza kukwera ndi kutsika kwa liwu, ndipo Ayoruba akulembabe motero. Ankakhala pansi ndi okalamba, ndi ansembe a chipembedzo cha makolo ndiponso ndi aphunzitsi achisilamu, akumvetsera mawu ndi miyambi yawo ndi kuilemba m'kabuku. Kalata ya Paulo kwa Aroma idatuluka m'chaka cha 1850, mabuku ena adatsatira, ndipo Baibulo lonse la Chiyoruba, limene adalimasulira mothandizana ndi anzake, lidatha m'chaka cha 1884. M'chaka cha 1862 nyumba yake ku Lagos idapsa, ndipo zolemba za zaka zoposa khumi zidasanduka phulusa, iye adayambanso.

Kumasulira kotere kumafuna kusankha, ndipo kusankha kulikonse kuli ndi zotsatira zake. Pofuna dzina la Mulungu, Crowther adatenga Olorun, kutanthauza mwini thambo, dzina limene makolo ake ankalidziwa amishoni asadabwere. Potero adavomereza kuti Mulungu wa m'Baibulo sadali mlendo kwa Ayoruba. Pofuna liwu la wansembe, sadatenge babalawo, amene ndi woombeza wa chipembedzo cha makolo, koma alufa, dzina limene Asilamu ankatchulira aphunzitsi awo. Koma pofuna dzina la Satana adatenga Esu, amene kwa Ayoruba ndi mthenga wa milungu, wochenjera ndi wosinthasintha, koma osati mwini zoipa zonse. Akatswiri ambiri a Chiyoruba amati apa adalakwitsa, ndipo kulakwitsako kudachititsa kuti mibadwo ya Akhristu iziona chipembedzo cha makolo awo ngati kupembedza mdyerekezi. Mlandu umenewu ngwoona, ngakhale kuti oweruzawo amauweruza pogwiritsa ntchito malembo amene iye yemweyo adawakonzera.

Palinso china chimene mbiri yake siyenera kuchibisa. M'chaka cha 1851 adaonekera kwa Mfumukazi Victoria ku Windsor, kumene adanena Pemphero la Ambuye m'Chiyoruba, ndipo adalankhula ndi nduna za boma za kuipa kwa Kosoko, mfumu ya Lagos imene inkachita malonda a akapolo. Mu Disembala chaka chomwecho zombo za Angerezi zidaphulitsa Lagos ndi mizinga ndi kuchotsa Kosoko, ndipo patapita zaka khumi mzindawo udakhala pansi pa Britain. Munthu amene adavalapo chingwe m'khosi pa gombe lomwelo nkovuta kumdzudzula chifukwa chofuna kuti malondawo athe msanga. Komabe khomo limene adathandiza kutsegula ndi lomwe atsamunda adalowerapo.

Adakweranso Niger m'chaka cha 1854 pamodzi ndi dokotala William Baikie, amene ankamwetsa anthu ake kwinini tsiku ndi tsiku, ndipo ulendo umenewo palibe adamwalira. M'chaka cha 1857 adayambitsa mishoni ya Niger ku Onitsha pamodzi ndi mbusa J. C. Taylor, mwana wa Aigbo wobadwira ku Sierra Leone. Antchito onse a mishoniyo adali Aafirika. Sitima yawo idasweka pa matanthwe pafupi ndi Jebba, ndipo miyezi imene adakhala akudikira ina Crowther adaithera pophunzira Chinupe. Adalemba timabuku toyamba towerengera Chiigbo ndi Chinupe.

Mlembi wamkulu wa CMS, Henry Venn, adali ndi chikhulupiriro chakuti mpingo wa kumalo kulikonse uyenera kudzilamulira, kudzidyetsa ndi kudzifalitsa wokha, ndi kuti mmishoni ali ngati mitengo yochirikizira nyumba pomanga, imene imachotsedwa nyumba ikatha. Iye ndiye adalimbikira kuti Crowther akhale bishopu, ngakhale mwini wakeyo ankakana. Pa 29 Juni 1864 adadzozedwa m'tchalitchi chachikulu cha Canterbury, nakhala Mwafirika woyamba kukhala bishopu wa mpingo wa Angilikani. Yunivesite ya Oxford idampatsa digiri yaulemu. Pakati pa khamu la anthu tsiku limenelo padali Henry Leeke, tsopano nkhalamba ndi mkulu wa asilikali apamadzi, amene adamtola panyanja zaka 42 zapitazo. Koma ulemuwo udali ndi chilema kuyambira pachiyambi. Townsend, mnzake wa ku Abeokuta, adakanitsitsa kuti Mzungu akhale pansi pa bishopu wakuda. Motero dera la Crowther lidalembedwa kuti ndi maiko a kumadzulo kwa Afirika a kunja kwa ulamuliro wa Mfumukazi, ndipo malo a kwawo kumene kudali amishoni achizungu adatsala m'manja mwa bishopu wa ku Sierra Leone. Myoruba adapatsidwa ubishopu kulikonse kupatula pakati pa Ayoruba.

Zaka zotsatira adazithera m'bwato ndi m'sitima, akukwera ndi kutsika mtsinje. Kumathiriro a Niger, ku Bonny, anthu ankalemekeza ng'azi ngati zopatulika, ndipo zinkayenda m'mudzi mopanda wozikhudza, mpaka mfumu George Pepple adathetsa mwambowo pa Pasaka wa 1867. Ambiri mwa otembenuka oyamba kumeneko adali akapolo, ndipo ena adazunzidwa ndi ambuye awo chifukwa chokana kudya zansembe. Chaka chomwecho cha 1867 mfumu ina ya m'mbali mwa mtsinje idagwira bishopuyo pamodzi ndi mwana wake Dandeson ndi kufuna dipo, ndipo pomupulumutsa, nthumwi ya boma la Britain idalasidwa muvi wapoizoni nkufa.

Kumtunda, kumaiko a Asilamu, ndiko kudaoneka zipatso za phunziro la chithumwa lija. Crowther ankayendera Masaba, mfumu ya Anupe ku Bida, napalana naye ubwenzi, ndipo ankapereka Baibulo la Chiarabu ngati mphatso kwa mafumu ndi aphunzitsi. M'chaka cha 1872 adaimirira m'bwalo la mfumu ya Ilorin, mzinda umene udali phata la nkhondo zimene zidapasula dziko la makolo ake. Akuluakulu a bwalolo adamfunsa ngati Yesu ndi Mwana wa Mulungu. Iye sadayambe ndi kutsutsa Korani kapena kunyoza Muhammad. Adatsegula Baibulo la Chiyoruba nawerenga nkhani ya mngelo Gabrieli ndi Mariya, podziwa kuti Asilamu amalemekeza onse awiriwo ndipo amavomereza kubadwa kodabwitsa kwa Yesu. Funso lililonse ankaliyankha ndi kuwerenga, osaonjezera zake. Pomaliza adamfunsa za mapemphero, ndipo iye adawaonetsa pemphero lopempherera Mfumukazi, nafotokoza kuti kunja kwa dziko la Mfumukaziyo Akhristu amaikapo dzina la mfumu ya kumaloko. Bwalo lidakondwera nazo. Palibe amene adatembenuka tsiku limenelo, ndipo ofuna kuwerenga mitu anganene kuti ulendowo udapita pachabe. Koma adamvetsera mpaka mapeto, namlola kuchoka mwamtendere ndi mwaulemu. Akale adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Mavuto ake adachokera m'nyumba momwe. Mishoni ya Niger idali yaikulu, ndalama zidali zochepa, ndipo bishopu ankadalira sitima za amalonda kuti ayendere antchito ake, ena kamodzi kokha pachaka. Ambiri adali anthu okhulupirika, koma ena adalowerera m'malonda, m'mowa ndi m'chiwerewere, ndipo ku Onitsha m'chaka cha 1877 mtsikana wina adafa atamenyedwa mwankhanza ndi anthu a pamishoni. Crowther adali wofatsa mopitirira. Ankakonda kulangiza ndi kudikira kuti wolakwa asinthe m'malo momchotsa. Chimenechi chidali chofooka chenicheni, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma nyengo nayonso idali itasintha. Venn adamwalira m'chaka cha 1873. Ku Ulaya kudafala maganizo akuti munthu wakuda sangatsogolere, maiko a Azungu adagawana Afirika pa msonkhano wa ku Berlin wa 1884 ndi 1885, ndipo kampani ya George Goldie, imene idalandira chilolezo cha ufumu m'chaka cha 1886, inkapitikitsa amalonda achiafirika pamtsinjepo. Pang'onopang'ono CMS idalanda bishopuyo mphamvu pa chuma cha mishoni ndi pa sitima yake, nizipereka kwa Azungu.

Kenaka kudabwera anyamata ochokera ku Ingalande, otentha mtima pa za chiyero, motsogozedwa ndi Graham Wilmot Brooke ndi J. A. Robinson. Adali odzipereka ndithu, okonzeka kuvala zovala za Ahausa ndi kufera kumeneko, koma adali osaleza mtima ndi odzikhulupirira, ndipo m'mipingo imene idamangidwa kwa zaka 30 sadaonemo china koma chinyengo. Pa msonkhano wa ku Onitsha mu Ogasiti 1890, mlembi wachizungu, F. N. Eden, adaimitsa abusa achiafirika pamaso pa bishopu amene adawadzoza, ndipo mmodzi mwa oimitsidwawo adali Dandeson, amene panthawiyo adali mkulu wa abusa a kumathiriro. Nkhalamba ya zaka zoposa 80, imene idayamba kulalikira anyamatawo asadabadwe, idadzudzulidwa ngati mwana wasukulu. Crowther sadabweze mwano. Adatula pansi udindo wake m'komitiyo nabwerera kunsi kwa mtsinje. Akuluakulu a ku London pambuyo pake adafewetsako zina mwa zigamulozo, koma chilonda chidali chitapangika kale.

M'chaka cha 1891 adadwala matenda ofa ziwalo, ndipo adamwalira ku Lagos pa 31 Disembala chaka chomwecho. Mkazi wake Susan adali atatsogola m'chaka cha 1880. Robinson adafa miyezi ingapo bishopuyo asadafe, ndipo Brooke adamtsatira mu Malichi 1892 ku Lokoja, ntchito yawo pakati pa Ahausa isadapite patali. Buku laling'ono limene Crowther adalemba lonena za zokumana nazo zake ndi Asilamu ndi otsata chipembedzo cha makolo lidasindikizidwa iye atamwalira kale.

CMS idaika Mzungu pampando wake, ndipo Aafirika adangopatsidwa udindo wa othandizira bishopu; padapita zaka 60 kuti Mnaijeriya wina akhale ndi dayosizi yakeyake, pamene A. B. Akinyele adakhala bishopu wa Ibadan m'chaka cha 1952. Mipingo ya kumathiriro a Niger idakana kugonja, ndipo m'chaka cha 1892 idayamba kudzilamulira ndi kudzilipirira yokha pansi pa Dandeson, pamene ku Lagos Akhristu ena adatulukiratu nkuyambitsa mipingo yawoyawo. Mdzukulu wake, Herbert Macaulay, adadzakhala mmodzi mwa oyambitsa ndale zomenyera ufulu wa Nigeria. Mafupa a bishopuyo adachotsedwa kumanda a Ajele m'zaka za m'ma 1970 ndi kukaikidwa pa tchalitchi chachikulu cha Christ Church ku Lagos. M'chaka cha 2014, pokumbukira zaka 150 chidzozedwere chake, Akibishopu Justin Welby adaimirira m'tchalitchi chomwe chija cha Canterbury navomereza poyera, mwa manyazi ndi kulapa, kuti mpingo wa ku Ingalande udamchimwira Crowther.